Msuweni wanga, mlenje wa ku Joni

Msuweni wanga adatsika basi pa Madisi kumayambiriro kwa Juni, dzuwa likuswa mtengo, iye atavala jekete yokhuthala ya matumba osawerengeka, jombo zofika m'mawondo ndi tochi ya lamba pamphumi. Anyamata a kabaza adasiya kulimbirana anthu n'kuyamba kumuyang'ana. Wina adafunsa ngati ku Dowa kwatsegulidwa mgodi. Ine ndidalandira chikwama ndikudziluma mlomo. Ndi mwana wa azakhali anga, choncho chisuweni chimandipatsa ufulu womuseka mpaka tsiku lomuperekeza kumanda, ndipo ufulu umenewu ndiugwiritsa ntchito pano mosaumira.

Adakhala ku Johannesburg zaka zingapo akulondera pageti ya anthu olemera. Usiku wa mlonda ndi wautali, ndipo iye ankaudula poonera pa YouTube azungu a ku America akusaka nyama zawo zija za nyanga zanthambi. Adaloweza zonse: kuti kusaka kumeneko kumafika pachimake mu Novembala, kuti mlenje amakwera mumtengo n'kukhala pakampando kudikira, kuti amavala chovala chowala kwambiri kuopa kuwomberedwa ndi mnzake, kuti amadzipopera mankhwala obisa fungo la munthu. Chimene mafilimuwo sadamuuze n'chakuti nyama imeneyo kuno kulibe. Nyanga zake zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso, pamene za gwape ndi mbawala zikamera zamera mpaka imfa. Mu Africa muno abale ake achibadwidwe ali kumpoto kwenikweni, m'mapiri a Atlas. Msuweni adati zimenezo n'zamaphunziro, nyama ndi nyama. Madzulo a tsiku lomwelo adaimirira pabwalo n'kulengeza.

"Amayi, nkhwani mwadya mokwanira. Sabata ino siitha musanalawe gwape."

Bambo anga, amene kwa iye ndi atsibweni, adali pampando wawo wa ndalema akutokosa mano. Sadatukule n'komwe mutu.

"Mphwanga, gwapeyo mwabwera naye m'chikwamamo?"

Bambo ali ndi chifukwa chofunsira choncho. Ali mnyamata adayendapo uzimba, nthawi imene madambo otsikira ku Bua adali ndi mphoyo ndipo gwape ankadya nyemba kuseri kwa nyumba. Amuna a midzi ingapo ankasonkhana chilimwe, udzu utauma, atanyamula mauta, mikondo ndi zibonga, agalu ali patsogolo. Ena ankatchera maukonde, ena ankakusa nyama ndi phokoso. Padali malamulo ake: nyama ndi ya amene wayamba kuilasa ngakhale aimalize wina, womalizayo alandirepo gawo lake, ndipo mfumu mwini dziko siiwalika. Zonsezo zidapita ndi tchire. Mitengo idalowa m'zigafa za fodya, ina idasanduka makala, minda idakwera mpaka m'mbali mwa mapiri. Lero ukaima pa Madisi n'kuyang'ana mbali zonse uona mapesi, ziputu za soya ndi mitengo ya mango. Gwape akabisala pati?

Kumene nyama zatsala ndi kumene boma lidatchinga: nkhalango ya Ntchisi, ya Kongwe, ndi malo osungira nyama a Nkhotakota ndi Kasungu. Kumeneko ukalowa ndi msampha, utuluka ndi unyolo. Mfuti imafuna chiphaso cha apolisi, kupha nyama yakutchire kumafuna chiphaso cha dipatimenti yoona za nyama, ndipo lamulo la 1992 loteteza nyamazi lidakhwimitsidwa mu 2017 moti wogwidwa ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Msuweni adalibe mfuti, adalibe chiphaso, adalibe ngakhale galu. Adali ndi jekete.

"Ngati nkhuli yakuvutani," adatero bambo, "mawa mupite ndi anawa kumunda. Mukayambire pamene tonsefe tidayambira."

Anawo adali adzukulu awo ndi anzawo a m'mudzi, wamkulu mwa iwo ali Sitandade 6. Ulenje wake udali wa mbewa.

Nkhope imene msuweni adaonetsa sindidzaiwala. Munthu woti wadutsa pa Beitbridge, wakwera sitima ya Gautrain, akakumbe mauna ndi ana osavala nsapato! Koma mawu a atsibweni sabwezedwa, ndipo m'mawa mwake adanyamuka, jombo zili gwa gwa gwa pamizere youma. Ine ndidatsatira, osati kukathandiza ayi.

Tisanafike n'komwe pakati pa munda, anawo adali atamudandaula kale. Amayenda mwaphokoso. Amaponda mikwaso. Mkwaso ndi kanjira kosalala kamene mbewa zimadutsamo usiku uliwonse, kopyapyala moti munthu wa m'tauni amangoona dothi. Iye adali ataponda itatu osadziwa. Atamuonetsa una, adagwada mwachangu n'kufuna kulowetsamo dzanja, ndipo kamnyamata kena kadamumenya pamkono ndi phesi. "Ankolo, mumafuna kufa?" Una wosiyidwa ndi mbewa umakhala nyumba ya njoka, ndipo mwana aliyense wa ku Dowa amadziwa kuti umayamba wapisamo kamtengo. Atamupatsa khasu adakumba mwamphamvu zonse za ku Joni, dothi lili mbwee kumbuyo, mpaka njira ya una idakwiririka osaonekanso. Ali mkati mopuma, mbewa idatulukira kumbuli, kadzenje kothawira kamene kamakhala chapatali kobisika ndi zinyalala, n'kudutsa pakati pa jombo zake. Msuweni adalumpha n'kukuwa mawu amene sindingawalembe m'magazini. Ana adagwa pansi ndi phwete. Tsiku limenelo adabwerera ndi matuza m'manja, ndipo ntchito yake idatsitsidwa: azinyamula thumba.

Ndimayembekezera kuti akwera basi yobwerera. M'malo mwake adakwiya, ndipo mkwiyo wake udamuthandiza. Sakadalola kuti mwana wa Sitandade 6 adziwe chinthu chimene iye sakuchidziwa. M'mawa mwake adavula jombo n'kuvala nkhwaira za matayala. Tochi adaisiya pazenera. Adayamba kufunsa, ndipo anawo, poona munthu wamkulu akuwatchula kuti aphunzitsi, adamukhuthulira zonse.

Apa ndiye pamene nkhani idakoma, chifukwa kukumba mbewa kuli ndi nzeru zambiri kuposa mmene odutsa pa M1 amaganizira akamatseka mawindo a galimoto poona mpani. Choyamba adaphunzira kusiyanitsa una wamoyo ndi wakufa. Wamoyo umakhala ndi dothi latsopano pakhomo, timapazi, ndi makoko a mtedza kapena chimanga chongodyedwa kumene. Pakhomo pakakhala ukonde wa kangaude, pita, mwininyumba adasamuka. Kenako adaphunzira kuti usanagwetse khasu umayamba wazungulira kufunafuna mbuli, n'kuikapo mnzako ndi chibonga kapena kutsekapo. Pokumba umatsogoza kamtengo mu una kuti njira isakusokonekere, ndipo khasu limadula pang'onopang'ono cham'mbali. Una ukagawikana, umanunkhiza dothi, umayang'ana mbali imene yasalala. Ukayamba kuona masa, udzu wofewa umene mbewa zimayala pogona, dziwa kuti funkha layandikira, konzeka.

Adaphunziranso kuti mbewa si mtundu umodzi. Kapuku ndiye wochuluka m'minda, ndipo n'zosadabwitsa: wamkazi ali ndi mawere ambiri kuposa mbewa zina, ndipo amaswa ana opitirira 10 nthawi imodzi. Ndiye amene amatha chimanga chongobzala kumene. Chitute ndi wofatsa, woyenda mwaulesi, wokhala ndi matumba m'masaya momwe amatutira mbewu kupita nazo kuuna. Ukamukumba umapeza nkhokwe yake ya mtedza ndi nyemba, zakuba zonse zili poyera. Phanya amakonda dothi lamchenga, ali ndi miyendo yakumbuyo yaitali ndipo mauna ake ali ndi makomo ambiri, moti kumukumba wekha n'kudzivutitsa. Mende amakhala kudambo. Koma mfumu ya onse pa mbale ndi kapeta, amene amanenepa nyengo yokolola n'kudzitsekera pansi kugona chilimwe, thupi lonse mafuta okhaokha. Khoswe wa m'nyumba sadyedwa, swiswiri wa kamlomo kosongoka sadyedwanso, ndipo amene amati Achewa amadya makoswe amangoonetsa kuti sadafunse. Mngelezi wina, Brian Morris, amene adayamba wagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo asanakhale katswiri wa chikhalidwe cha anthu, adalemba za ulenje umenewu m'buku lake la 1998, The Power of Animals. Msuweni nditamuuza zimenezi adasangalala koopsa. Adati ngati mzungu adalemba buku, ndiye kuti iyenso sakuchita zachibwana. Ndidamusiya, aliyense ali ndi pomwe amapezera chilimbikitso.

Mbewa yake yoyamba idali chitute. Anawo amati chitute ngakhale agogo atha kumugwira, koma zimenezo sadamuuze tsiku limenelo. Adabwera naye kunyumba atamunyamula kumchira, dzanja lili m'mwamba, kuyambira kumunda mpaka pabwalo, kuti mudzi wonse uone. Mayi ake adaluluta. Bambo adamuyang'ana chitute uja mbali zonse mwaulemu waukulu n'kunena kuti, "Nyanga zake n'zazifupi, koma ndi gwape ndithu." Msuweni adaseka mpaka misozi, ndipo ndikuganiza kuti munthu wa ku Joni uja adathera pomwepo.

Kukonza adaphunzira kwa mayi ake. Umatumbula n'kuchotsa matumbo, umawiritsa m'madzi a mchere, kenako umayanika padzuwa kapena pamoto mpaka ziume gwa, ubweya uli pomwepo. Zouma bwino zimakhala nthawi osaonongeka. Zogulitsa amazipana pampani, mitu mbali imodzi. Poyamba ankadya atatsinzina. Pofika Ogasiti ankatsutsana ndi bambo ngati kapeta amakoma ndi nsima ya mgaiwa kapena ya ufa woyera.

Mwezi umenewo ndi umene ndidazindikira kuti munthuyu wasinthadi, ndipo sindidazindikirire pa mbale. Tinkapita kumaliro kumudzi wina cha kumadzulo, tikuyenda m'njira yachidule. Kale msuweni ankayenda maso ali pafoni. Tsopano ankayenda maso ali pansi, akuwerenga. Apa padutsa kalulu usiku. Apa nkhwali zimasamba fumbi. Uyu ndi ntchenzi, taonani mmene wadulira bango mopendeketsa. Adaima pachulu china n'kundiuza kuti mphepo yatembenuka, ikuchokera kudambo. Ine sindidamve kalikonse. Maliro tidafika mochedwa, nyimbo zitayamba kale, chifukwa cha mapazi a nungu.

Adasandukanso mlaliki, monga amachitira onse otembenuka mtima. Adani ake ndi awiri. Woyamba ndi moto. Alenje aulesi amatentha tchire kuti mauna aonekere, ndipo moto umenewo suima pamalire: umadya mapesi amene akadaola n'kubwezera chonde, umadya udzu wofolerera, umapha timitengo tongophuka, nthawi zina umafika pa zigafa. Wachiwiri ndi poizoni. Alipo ena amene amathira mankhwala m'nyambo n'kutola mbewa zakufa m'mawa, kenako n'kukagulitsa pamsewu kwa munthu wosadziwa. Msuweni akamva zimenezi amachita kunjenjemera. Iye njira yake yausiku ndi ya ndowa: amakwirira ndowa kapena mtsuko m'munda, amathiramo madzi theka, pakamwa pake amapingasa kamtengo kozungulira kopakidwa gaga wokazinga. Fungo la gaga limaitana kapuku, kamtengo kamatembenuka, nkhani yatha. Eni minda ayamba kumuitana okha, pakuti mbewa iliyonse yolowa m'ndowa ndi chimanga chopulumuka. Jekete ija ndi imene amanyamulira nyambo, chingwe ndi mchere, ndipo kwa nthawi yoyamba matumba onse aja apeza ntchito.

Za gwape sadaiwale. Chakumapeto kwa Seputembala adandikakamiza kuti tipite ku nkhalango ya Ntchisi, akaone ndi maso ake chimene adalonjeza mayi ake. Tidakwera minibasi mpaka pa Mponela, n'kupeza ina ya ku Ntchisi boma, kenako njinga zamoto kukwera mapiri, msewu wafumbi wokhotakhota umene umakuchititsa kulapa machimo. Nkhalangoyi ndi imodzi mwa zochepa zotsala m'chigawo chapakati zimene mitengo yake siyoyola masamba. Akuluakulu amati makolo athu ankathawiramo nthawi ya nkhondo za Angoni, zaka za m'ma 1800. M'mphepete mwake muli nyumba yakale imene bwanamkubwa wachitsamunda ankapumulirako, lero ndi malo ogona alendo. Kukacha bwino, uli pamwamba umaona nyanja, ndipo chakumpoto kwake kuli nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015. Njovu kumeneko zidatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha mozemba, ndipo mu 2016 ndi 2017 adasamutsirako pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Bua yemweyu amene timawoloka kumpoto kwa Madisi ndiye amadutsa m'nkhalango imeneyo popita kunyanja.

Tidalowa m'nkhalango ya Ntchisi m'mamawa ndi wotiperekeza wa m'mudzi wapafupi, tilibe chida chilichonse koma ndodo. Mkati mwake ndi mozizira, mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, zilambe zikulendewera, anchima akudumpha m'nthambi. Wotiperekezayo adayamba kutifotokozera monga amachitira ndi alendo onse, koma sipadapite nthawi msuweni adagwada pamatope a kamtsinje. Adaloza tiziboda tiwiri tosongoka, tating'ono kuposa chala chachikulu. Adayang'ana m'mphepete mwake n'kunena kuti madzi sadalowemo, ndiye kuti mwiniwake wadutsa posachedwa. Patsogolo pang'ono adapeza ndowe zake, timibulu takuda tonyezimira, adatiphwanya ndi chala n'kupeza kuti n'tofewa. Adanyowetsa chala, adachiimika m'mwamba, n'kutiuza kuti tizungulire mbali inayo kuti fungo lathu lisatitsogolere. Wotiperekeza uja adamuyang'ana n'kufunsa, "Akulu, mudagwirapo ntchito ku gemu?" Msuweni adayankha mosaphethira kuti adaphunzitsidwa ndi akatswiri a ku Madisi.

Gwapeyo tidamuona, ngati kumeneko n'kuona. Kanthu kofiirira kadatukula mutu pakati pa zitsamba, makutu ali tcheru, kenako kadadumphira m'tchire chamutu n'kuzimirira. Foni ya msuweni idajambula masamba okhaokha. Koma munthuyo adavina. Adavina pakati pa nkhalango ya boma, nkhwaira zikuterera pamatope, akubwereza kuti, "Ndamupeza ndekha! Asuweni, mwaona? Ndamupeza ndekha!" Chapatali mbawala idauwa, pakuti ikadzidzimuka imauwa ngati galu, ndipo iye adati imeneyo ikumuyamikira.

Pobwerera, tili panjinga, adandikuwira kuti kanyama kakang'ono choncho sikakadakwanira n'komwe banja lathu, bola kapeta. Ndidamukumbutsa kuti adalonjeza mayi ake gwape sabata yoyamba. Adati sadatchule chaka.

Tsopano mbiri yake yafika mpaka ku Joni. Anzake a ku Dowa ndi Kasungu amene adawasiya kumeneko amamuimbira pa WhatsApp, ndipo iye amawaonetsa mipani pakamera mmodzimmodzi, iwo akumeza malovu m'zipinda zawo za lendi. Mafilimu a ku America amaonerabe, koma tsopano amawadzudzula. Amati munthu wokhala mumtengo pakampando, nyama ikubwera yokha pamene adathira chimanga, ameneyo ndi mlonda chabe, ndipo ulonda iye amaudziwa. Anawo adamukweza udindo: ndiye amasankha munda wokumba, ndipo wa Sitandade 6 uja amamufunsa maganizo una ukagawikana. Bambo amamutchula kuti "alenje" pamaso pa alendo, theka moseka theka moona.

Loweruka lapitali adabwera kwathu mbandakucha n'kugogoda pazenera. Adati mvula yayandikira, minda ilimidwa posachedwa, ndipo n'zamanyazi kuti munthu wobadwira pa Madisi, wodziwa kulemba za mbewa za anzake, sadagwirepo yakeyake chikulire. Ndidatuluka ndikuyasamula n'kutambasula dzanja kuti andipatse khasu. Adalibweza kumbuyo.

"Khasu ayi, asuweni. Inu muyambira kunyamula thumba. Ndipo nsapatozo kavuleni, mutipondera mikwaso."